Za Ana Zili Pamwamba

Legini yoyamba ndinaigula pamsika wa Doncaster,
yakuda, yotanuka ngati mphira wa legeni,
yosokedwera akazi akuno
amene miyendo yawo imayambira kukhwapa.
M'chiuno inakwana bwino,
koma kumapazi kunatsala nsalu ya munthu wina,
itaunjikana pa akakolo ngati khosi la fulu.
Ndinapinda kamodzi. Ndinapindanso.
Ndinakhala pabedi n'kuseka ndekha.

Loweruka ndinalowa m'sitolo yaikulu.
Mtsikana wa ndolo pamphuno anandiyeza ndi maso,
nati, "Kwerani pamwamba, kumanzere,
kumene kuli za ana asukulu."
Ine wobereka awiri,
wa zaka makumi anayi ndi zitatu,
ine amene m'mawa uliwonse ndimadzutsa Bambo Hargreaves,
munthu wolemera ngati matumba awiri a feteleza,
n'kuwasambitsa, n'kuwamanga mabatani,
ndinakwera.
Kapepala ka m'chiuno kanati: zaka khumi ndi ziwiri.
Ndinalipira, ndalama n'kutsala,
paja za ana alibe nazo msonkho kuno.
Kufupika kwandibwezera chenji koyamba.

Ku Ntcheu ankanditcha Kachitsa.
Pamzere wa asembule ndinali patsogolo chaka ndi chaka,
pachithunzi cha ukwati wanga anandiimika pa njerwa.

Dokotala ndiye anayambitsa zonsezi.
Msana wanu watopa, anatero, pitani kuyoga.
Ndinatumiza chithunzi kwa mkulu wanga Tinenenji,
yankho linabwera ndisanaike foni pansi:
"Mayo ine! Ulaya wakuvula?
Ukuyenda chonchi amuna akuona?"
Ndiye Lachiwiri madzulo ndimamanga chitenje pamwamba,
cha nkhanga zobiriwira chija,
jekete, chipewa, basi ya hafu sikisi,
mpaka kuholo ya tchalitchi yonunkha utoto ndi tiyi wozizira.
Pakhomo ndimamasula mfundo pang'onopang'ono
ngati munthu wolowa mumtsinje mu Juni.

Bernadette, mphunzitsi wathu, amalankhula chonong'ona.
Pumani. Weramani. Gwirani zala za kumapazi.
Akazi ataliatali aja amabuula,
manja akulendewera m'malere, mawondo akulira ngati zitseko.
Ine pansi ndi kwathu.
Ndimangowerama, zikhatho phwa! pa mphasa,
ngati ndikutola mtedza.
Koma akati tiime ndi mwendo umodzi ngati kakowa,
ndimagwedera, ndimagwa,
kugwa kwake kwapafupi.
Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndimadziuza,
n'kudzukanso.

Kunja kukada, zenera limasanduka kalilole.
M'menemo ndinaiona miyendo yanga
imene ndakhala nayo moyo wonse osaiyang'ana:
akatumba olimba a chitunda cha kuchigayo,
bondo lamanzere lopotoka pang'ono
kuchokera tsiku limene njinga ya malume inanditaya,
ntchafu zimene zinakankha ana awiri
ndipo lero zimakankha njinga za okalamba.
Yaifupi, inde.
Koma yafika kuno.
Nsalu yathera pa kakolo penipeni,
osatsala, osaperewera,
ngati telala ankandidziwa dzina.

Pomaliza amazimitsa magetsi, tonse chagada.
Ndimafunda chitenje changa,
ndipo Pauline wa pambali panga,
amene mapazi ake amapitirira mphasa,
amati nkhangazo n'zokongola, ndinazigula kuti.

Sabata yatha ndinatuluka tikucheza za mitengo ya gasi.
Ndinadutsa shopu ya tchipisi, ndinadutsa banki,
ndinafika pokwerera basi
mphepo itandiluma m'ntchafu,
ndipo m'pamene ndinaona chitenje chili m'manja.
Palibe anatembenuka.
Bambo wina ankakalipira galu wake.
Ndinaima kanthawi, mfundo ili m'maganizo,
kenako ndinachikulunga m'khosi,
poti kumeneko n'kumene kunkazizira kwambiri.
Tinenenji sindinamuuzebe.